Nkhope ya Mfumu pa Chitenje cha Apongozi

Kuseri kwa mapiri, kumene basi imafika ikafuna, kuli ufumu wotchedwa Mwaonanji. Mfumu yake inali Ndionereni Wachiwiri, munthu wopanda nkhanza kwenikweni, koma wokonda nkhope yake kuposa momwe mayi amakondera mwana woyamba. Chilichonse chikachitika m'dzikomo, mfumu inkasindikiza chitenje. Ikatsegulira mlatho, chitenje. Mlathowo ukagwa n'kuukonzanso, chitenje china. Chaka china inadwala chimfine n'kuchira, ndipo amayi onse analandira chitenje chobiriwira cholembedwa kuti "Yadzuka", nkhope ili pakati penipeni, ikumwetulira.

Amayi a ku Mwaonanji sankadandaula. Nsalu yaulere ndi nsalu basi. Ndipo kumeneko chitenje sichinkatayidwa. Chikakhala chatsopano ankapita nacho kutchalitchi ndi kuukwati. Chikayamba kusuluka chinkapita kumsika ndi kumunda. Kenako chibereke mwana, kenako chikhale nkhata, kenako thewera, kenako chokolopera, ndipo kansanza kotsala kankamangira miyendo ya nkhuku yopita kumsika. Palibe ankadziwa kuti zimenezi zili ndi dzina. Anthu ankangoti ndi umphawi.

Dzinalo linabwera pandege. Mfumu inapita kutsidya kwa nyanja kumsonkhano wa olamulira, ndipo pobwera inatsika ndi masutikesi odzaza lole ndi nkhani imodzi. Tsiku lomwelo inaitanitsa nduna zake.

"Dziko lapansi latopa ndi zinyalala," inatero mfumu. "Kunjaku anzathu ayamba kugwiritsanso ntchito zinthu zakale. Ndaona ndi maso angawa mayi wolemera atavala diresi lazigamba zokhazokha, anthu n'kumamuombera m'manja. Ife kuno tatsalira."

Nduna zinavomereza kuti zatsaliradi. Pomwepo mfumu inalengeza Chaka Chosataya, ndipo pofuna kuti uthenga ufike kwa aliyense, inasindikiza chitenje chatsopano cholembedwa kuti "Osataya". Inasindikizanso majumbo apulasitiki olembedwa chimodzimodzi, amene sabata isanathe anali atayandama mumtsinje wa Tayamo, uthenga uli m'mwamba kuti nsomba nazo ziwerenge. Kenako inasankha Nduna ya Maonekedwe ndi Zinyalala, a Lufeyo Chikhasu.

A Chikhasu anali munthu wamkulu kunyumba yachifumu: tayi, galimoto, dalaivala wotsegula chitseko. Koma kwawo anali mkamwini. Anakwatira m'mudzi wa pafupi ndi msika wa Tsitsaniko, namanga nyumba yamalata pamalo a kuchikazi. Mtengo wa mango umene ankakhala pansi pake, chitsime chimene ankamwa, ngakhale mphepo yowomba pakhondepo, zonse zinali za apongozi awo, a Nasiwelo. Ndipo mwambo a Chikhasu ankausunga. Chikwatirireni anali asanawayang'anepo apongozi kumaso, asanakhalepo nawo pamphasa imodzi, asanalankhulepo nawo mwachindunji. Akakumana panjira, nduna yonseyo inkalowa patchire ndi suti yake, n'kutulukira kutsogolo ili chisoso chokhachokha. Apongozi awo ankawadziwira mawu basi.

Ntchito yatsopanoyo anaigwira ndi mtima wonse. Anasonkhanitsa amayi kubwalo lamasewero, nabweretsa katswiri wochokera kunja kuti awaphunzitse kudula chitenje n'kusoka kachikwama kogulira ndiwo. Amayi anamvetsera mwaulemu dzuwa likuwaotcha.

"Ndiye mukuti tidule chatsopanochi kuti tisataye?" anafunsa mayi wina wogulitsa usipa, dzina lake Nagama.

"Eya, mayi," anayankha a Chikhasu.

"Zikomo. Ndimangofuna ndimvetse, kuti ndikafotokoze bwino kwa otsala kunyumba."

Patapita nthawi mfumu inafuna kukaona yokha momwe anthu ake aphunzirira. Inapita kumsika wa Tsitsaniko ndi asilikali, oimba malipenga ndi a Chikhasu patsogolo akulozaloza. Poyamba zinkayenda bwino. Nkhope ya mfumu inali itavindikira beseni la mandasi, ndipo mfumu inakondwa kuti ikuteteza chakudya cha anthu ake ku ntchentche. Patsogolo pang'ono mayi wina ankasefera thobwa pachitenje cha mlatho woyamba.

"Onani, Mwinidziko," anatero a Chikhasu mwachangu, "thobwa likuyamba ladutsa mwa inu lisanafike kwa anthu."

Mfumu inagwedeza mutu mokhutira. Wokazinga tchipisi ankapukuta chiwaya ndi kansanza kooneka khutu limodzi lachifumu, koma a Chikhasu anaima kutsogolo kwake n'kulozera mfumu kwina.

Vuto linagwa pamzere wa tomato. Amayi atamva malipenga anadzambatuka kuti agwade, ndipo m'chipwirikiticho tomato mmodzi anagubuduka. Mayi wina wachikulire, amene anali atakhala pansi chitambasulire miyendo kuyambira m'mawa, anaimirira, natembenuka, nawerama kuti amutole. Anafulatira mfumu. Ndipo pamenepo, pokhalira penipeni, panali chitenje cha chimfine chija, nkhope ili mbuu ndi fumbi.

Malipenga anazima limodzilimodzi.

"Chikhasu," inatero mfumu motsitsa mawu, "mayiyu amakhalira chiyani?"

"Amakhalira... pansi, Mwinidziko."

"Pakati pa iye ndi pansipo pamakhala yani?"

Asilikali anali atamuzungulira kale mayiyo, pakuti ku Mwaonanji kunali Lamulo Lolemekeza Nkhope. Linali lakale, aliyense anali ataliiwala, koma linali lisanafe. Wonyoza nkhope ya mfumu ankayenera kukhala kundende mpaka mvula yoyamba itagwa, ndipo apa n'kuti anthu atangokolola kumene.

"Ana inu, yang'anani pansi poponda," anatero mayiyo. "Mundiphwanyira tomato."

Miyendo ya a Chikhasu inawazindikira mawuwo mutu usanaganize. Anangoti jowe, mpaka kuseri kwa mulu wa mphasa zogulitsa, nanjuta pamenepo tayi ili m'dothi. Mfumu inaganiza kuti nduna yake ikufunafuna olakwa ena.

"Changu chotere n'chimene ndimafuna," inatero mfumu. "Mlanduwu uuimire ndiwe, Chikhasu. Lachisanu, ku Nyumba ya Magalasi. Dziko lonse lione."

Mayiyo analidi a Nasiwelo, ndipo asilikali anawalola kupita kwawo kukadikira tsikulo, chifukwa panalibe msilikali wofuna kutsala akulondera tomato.

A Chikhasu atafika kunyumba masana amenewo anapeza akazi awo, a Lonesi, ali pakhonde akusankha nyemba. Sanadzutse mutu.

"Bambo a Mwatitha, ndamva kuti ntchito ikuyenda. Mwayamba kumanga akuluakulu."

"Mayi a Mwatitha, si ine ayi. Ndi lamulo."

"Lamulolo limagona kuti?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndikuti amayi akakagona kundende, inu mukagona komwe limagona lamuloko. Bulangete lanu ndi lija munabwera nalo. Ndalichapa kale, lili pachingwe."

"Nyumbayitu ndinamanga ndine."

"Padothi la yani? Inyamuleni."

A Chikhasu anakhala pansi pang'onopang'ono. Anaganiza za nyumba ya mlongo wawo kumudzi kwawo, ya chipinda chimodzi, mmene mbuzi zimagona pabalaza. Anaganiza za nduna zinzawo zikumva kuti Nduna ya Maonekedwe yathamangitsidwa paukwati, bulangete lili kukhwapa.

"Chabwino," anatero. "Kawapempheni amayi kuti Lachisanu adzavale chitenje china. Chamaluwa. Tidzanena kuti asilikali anaona molakwa."

Kuseri kwa mpanda wamaudzu kunamveka mawu, olankhula ndi nkhuku monga a Nasiwelo ankachitira akafuna kuti mkamwini amve.

"Nkhuku inu, kawauzeni a tayi kuti ndidzavala chomwechi. Anatiuza okha kubwalo lamasewero kuti tisataye. Ine ndine womvera."

Masiku otsatirawo dziko linasokonekera. Mayi aliyense wa ku Mwaonanji anali ndi nkhope ya mfumu kumbuyo, ndipo aliyense anachita mantha kukhala pansi. Kumsika ankagulitsa chiimirire ngati akudikira basi. M'tchalitchi abusa anati "tikhale pansi," amuna okha n'kukhala. Amene anali ndi matewera ndi zokolopera zachifumu anazikulunga mwakachetechete n'kukaziponya mumtsinje wa Tayamo. Chikhalire ufumuwo, chitenje chinatayidwa koyamba m'Chaka Chosataya.

Lachisanu linakwana. Nyumba ya Magalasi sanaitche dzinalo pachabe: makoma ake anali magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, kuti mfumu ikamaweruza izidziona ikuweruza. A Chikhasu atalowa anazindikira tsoka lawo. Akayang'ana kumanja, apongozi. Akayang'ana kumanzere, apongozi. Anayang'ana nsapato zawo, koma dalaivala anali atazipolisha mopitirira muyeso. Anazungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira dzira, mpaka anapeza khoma limodzi lopanda galasi, chifukwa panapachikidwa chithunzi chachikulu cha mfumu. Anaima pamenepo mphuno itatsala pang'ono kugunda chithunzicho. Mfumu inaona, ndipo inakhudzidwa mtima ndi chikondi chotere.

A Nasiwelo nawo anagwada chakukhomo, atayang'ana kumbali. Pakati pawo panaima a Nagama a usipa aja, amene anadzipereka kunyamula mawu. Amayi ena onse anali chiimirire kumbuyo, ndipo ngakhale mkazi wa mfumu anali chilili pambali pa mpando wake, atavala "Osataya" kuyambira duku mpaka kumapazi.

"A Nagama," anayamba a Chikhasu, akulankhula ndi chithunzi, "afunseni amayi ngati akudziwa chimene abwerera muno."

A Nagama anatembenuka. "Akuti mwadzuka bwanji."

"Auzeni tadzuka, koma mawondowa," anayankha a Nasiwelo. "Ukalamba. Kaya iwo? Dzulo ndinawamva akutsokomola."

"Akuti muzivala juzi, bambo, kunja kwayamba kuzizira."

"Chikuchitika n'chiyani pano?" inafunsa mfumu. "Chikhasu, bwanji sukulankhula naye wekha wolakwayu?"

A Chikhasu anayankha akuyang'anabe chithunzi. "Mwinidziko, ndi apongozi anga."

M'bwalomo munadutsa kamphepo. Amuna onse, asilikali omwe, anayang'ana pansi momumvera chisoni mnzawo. Mfumu nayo inakanda kukhosi. Inali ndi apongozi akeake, amene inawamangira nyumba yokongola kutsidya kwa mtsinje, ndipo anthu ena ankanong'ona kuti n'chifukwa chake mlatho uja unkagwaigwa.

"Pepa, mwana wanga," inatero mfumu. "Komabe lamulo ndi lamulo. Afunse chifukwa chimene amakhalira nkhope yanga."

Funso linayenda kuchokera kwa a Chikhasu kupita kwa a Nagama, n'kukafika kwa a Nasiwelo litafupika.

"Auzeni kuti nkhopeyo sindinaiike pakati ndine," anatero a Nasiwelo. "Chitenje ukachimanga, chapakati chimabwera kumbuyo. Ndikati nditembenuze kuti amfumu abwere kutsogolo, mpata utsegukira kumbuyo. Ndiye asankhe okha mlandu umene akufuna."

Amayi kumbuyo kuja anatsokomola onse nthawi imodzi.

"Basi, achivule tichione bwinobwino," inalamula mfumu.

A Nagama sanavutike n'kunyamula mawuwo. Anangoyang'ana mfumu monga momwe munthu amayang'anira mwana wa eni ake amene walankhula zosayenera pamaliro.

"Ndivule," anatero a Nasiwelo polankhula ndi chitseko, "mkamwini ali pomwepa."

Mfumu inazindikira kuti yaponda molakwika, ndipo monga amachitira akuluakulu akaponda molakwika, inakwiyira wina.

"Ndiye tembenuka, Chikhasu. Lamulo likuti woimira mlandu aone nkhopeyo ndi maso ake, alumbire kuti ndi ya mfumu. Amayiwo aimirire, iwe uyang'ane, tithane nazo."

A Chikhasu sanatembenuke. Kuyang'ana apongozi kumaso kunali kale kosatheka. Tsono kuwayang'ana kumene mfumu inkanenako, pamaso pa dziko lonse, a Nagama ali mboni? Ukwati ukanatha osadikira n'komwe za ndende. Nkhani ikanafika kwa a Lonesi galimoto isanatuluke pachipata. Ndipo akalumbira, apongozi apita mpaka mvula, iwo apita mpaka kalekale. Anayang'ana chithunzi chili patsogolo pawo: khungu losalala, mano oyera ngati mpunga, masaya amene wojambula anawachepetsa mwaulemu. Kenako analankhula.

"Mwinidziko, maso anga kumeneko sangafike. Mundichotse ntchito, koma sangafike. Komanso ine ndine yani kuti ndilumbire pa nkhope ya mfumu? Amene akuidziwa bwino ndi mwini wake, amene amaiona m'mawa, masana ndi madzulo. Muione nokha. Mukati ndi yanu, mlandu watha."

Mfumu inaona kuti mawuwo ndi anzeru, makamaka mbali ya m'mawa, masana ndi madzulo. Inatsika pampando, inavala mandala. A Nasiwelo anaimirira mosanyinyirika, nafulatira, nagwira m'mawondo ngati munthu amene akudikira jakisoni kuchipatala.

Tsono a Nasiwelo anali mayi wodalitsidwa ndi thupi, ndipo chitenjecho chinali chitagwira ntchito zaka zambiri. Kubiriwira kuja kunali kutasanduka mtundu wa madzi a m'chithaphwi. Nkhope inali itatambasuka m'mbali, masaya ali tutumu ngati munthu wobisa mango m'kamwa. Diso lina linkayang'ana kum'mawa, lina kumadzulo. Khutu lakumanzere linang'ambika kalekale, ndipo pamalo pake panali chigamba chamaluwa ofiira. Pakamwa panagwera khala la pambaula, moti kumwetulira kuja kunali ndi gweru. Ndipo magalasi anachita ntchito yawo: nkhopeyo inaonekera kumanja, kumanzere, kudenga, mazanamazana, yonse ikuyang'ana mfumu mwachibale.

Pamenepo wojambula wa nyuzipepala ya boma, ya Tamandani, anasendera pafupi ndi kamera yake, pofuna kuthandiza.

"Mwinidziko, mutaima pambali pakepo pang'ono, kuti anthu akaone kufanana kwake."

"Tsitsa chimenecho," inatero mfumu.

Inayang'ananso. Inadzigwira tsaya. Inadzigwira khutu lakumanzere. Kenako inavula mandala n'kuwapinda bwinobwino.

"Munthu uyu sindikumudziwa."

"Si inu, Mwinidziko?" anafunsa a Chikhasu, akadali chiyang'anire khoma.

"Ukundifunsa? Ine ndili ndi maluwa kukhutu? Ameneyu mwina ndi wa dziko loyandikana nafeli. Kumeneko anthu ake ndi otere."

"Ndiye kuti amayi akhala akukhalira mlendo."

"Lamulo silinena kanthu za alendo," inatero mfumu, ikubwerera kumpando mofulumira. "Azipita. Ndipo auzidwe kuti aziyenda moyang'ana kuno mpaka atatuluka."

Tsiku lisanathe wailesi inalengeza lamulo latsopano: nkhope ikasuluka si ya mfumunso, ndipo mwini chitenje angathe kuikhalira, kuisefera thobwa kapena kuimangira mwana. Kuti pasakhale chisokonezo, mfumu inakhazikitsa Bungwe Loona za Kusuluka, lokhala ndi ofesi, magalimoto ndi chitenje chakechake. Amayi sanadikire bungwelo. M'mawa mwake anali kumtsinje, akumenyetsa "Osataya" pamiyala ndi mphamvu zimene anthu sankadziwa kuti ali nazo. Ali komweko anavuula zitenje zonse zimene anataya zija, pakuti madzi anali atazisulutsa kale mwaulere. A Chikhasu analengeza kuti anthu ayeretsa mtsinje wa Tayamo chifukwa cha maphunziro a kubwalo lamasewero, ndipo mfumu inawapatsa mendulo.

Madzulo a tsiku la mendulo, dzuwa likadalipo, galimoto inawatsitsa pakhomo. A Lonesi anawalandira chikwama, chinthu chimene anali atasiya kuchita chiyambire nkhaniyi, ndipo anawatulutsira mpando pakhonde. Pampandopo panali khushoni yatsopano, yonenepa bwino, yosokedwa pamanja.

"Amayi akusokerani," anatero a Lonesi. "Akuti nduna imakhalitsa pampando, msana ungapweteke."

A Chikhasu anawerama kuti aione. Inali yodulidwa ku chitenje chatsopano chimene sichinaonepo madzi. Nkhope inali pakati penipeni, yowala, makutu onse awiri alipo, mano onse alipo, ikumwetulira choyang'ana kumwamba. Ngakhale mwana wakhanda akanaizindikira.

"Mayi a Mwatitha," ananong'ona a Chikhasu, "iyitu sinasuluke."

"Isuluka mukamaikhalira."

"Mwina ndiisunge m'nyumba. Mphatso yotere ndi yosunga."

"Kawauzeni nokha."

Kuseri kwa mpanda, tsache limene linkasesa linaima. Mpandawo unali ndi mipata, ndipo a Chikhasu ankadziwa kuti mwambo umaletsa mkamwini kuyang'ana apongozi, koma sunena zambiri za apongozi osuzumira paudzu. Pachipata, dalaivala wa boma anali akadapukuta galasi la galimoto, pang'onopang'ono, maso ali kukhonde.

"Iwe, zipita," anatero a Chikhasu. "Galasilo layera."

Anadikira mpaka galimoto itakhota pa mtengo wa mango. Anayang'ana kumsewu, anayang'ana kumwamba, anakweza buluku pang'ono m'mawondo. Kenako anakhala.

"Auzeni amayi," anatero, "kuti ndi yofewa."

Tsache linayambanso kusesa.